MADZI A KU KABULONGA: MIGODI ILI KUTALI KOMA NGOZI ILI PAFUPI

Ku Kabulonga kulibe mgodi wa mkuwa. Kuli nyumba zozingidwa ndi makoma atali, kapinga wothiriridwa bwino ndi mitengo ya mthunzi. Komabe madzi amene anthu a kumeneko akumwa, pamodzi ndi anzao a ku Woodlands, Kabwata ndi Chelstone, acokera m'malo awiri okha, ndipo malo onsewa akhudzidwa ndi nchito yokumba pansi.

Malo oyamba ndiwo mtsinje wa Kafue. Kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation itunga madzi pa Iolanda, pafupi ndi tauni ya Kafue, niiwayeretsa ndi kuwapopera ku mzinda. Koma mtsinjewu usanafike pamenepo, uyamba wadutsa pakati pa migodi ya ku Copperbelt. Akulu anati madzi saiwala khwawa: cimene catayidwa kumtunda cifika ndithu kumunsi.

Pa 18 February 2025 damu losungiramo zinyalala za mumgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka ku Chambishi. Malinga ndi ciwerengero coyamba, malita okwanira ngati 50 miliyoni a madzi a asidi anathamangira mu mtsinje wa Mwambashi, umene uthira mu Kafue. Nsomba zinafa, mbeu za m'mbali mwa mtsinje zinapserera, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Boma linatuma ndege za asilikali kukathira laimu mu mtsinje kuti asidiyo athe mphamvu. Ngozi yotere siinali yoyamba ai. Mu November 2006 madzi oipa ocokera ku Konkola Copper Mines anaononga Kafue ku Chingola, ndipo mu 2011 khoti lalikulu linapeza kampaniyo ndi mlandu.

Malo aciwiri ali pansi pa mzinda weniweniwo. Mbali yaikulu ya Lusaka inamangidwa pa thanthwe la mwala wa laimu, umene usungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula nukhala ndi ming'alu ndi mapanga. M'menemo ndimo mukhala madzi ambiri amene kampani ya madzi ndi eni nyumba akoka ndi zitsime zobooledwa ndi makina. Ubwino wa mwalawu ndiwo kusunga madzi ocuruka. Kuipa kwace nkwakuti susefa kanthu, pakuti zonyansa zikalowa m'ming'alu ziyenda msanga mtunda wautali.

Apa ndipo pabwera nkhani ya migodi ya miyala. Kwa zaka zambiri anthu akhala akukumba ndi kuphwanya miyala yomangira ku Misisi, Chawama ndi Kanyama. Pokumba acotsa dothi lapamwamba limene likadasefa madzi, nasiya maenje ofika pa madzi apansi. Damu la Ngwenya ku Misisi ndi dzenje lotere limene linadzala madzi. Zinyalala zikatayidwa m'maenjewa, kapena zimbudzi zikasefukira m'nyengo ya dzinja, zonse zilowa mwacindunji m'nkhokwe imene mzinda umwamo. Mliri wa kolera wa 2017 ndi 2018, ndiponso wa 2023 ndi 2024, unaonetsa cimene cicitika madzi akumwa akasakanikirana ndi zonyansa. Oyamba kuvutika ndi osauka a m'makomboni, koma khoma la njerwa silitsekereza madzi oyenda pansi.

Malamulo alipo. Mu 2011 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo losamalira cilengedwe, limene linabala bungwe la ZEMA, ndi lamulo loyang'anira madzi, limene linabala WARMA. Kuyambira 2018 zitsime zobooledwa ndi makina ziyenera kulembetsedwa ku WARMA.

Njira zochinjirizira madzi zidziwikanso. Damu la zinyalala za mumgodi liyalidwe pansi ndi cinsalu cosadutsa madzi, ndipo khoma lace liyenderedwe kawirikawiri, makamaka mvula ikamagwa. Pozungulira pace pakumbidwe zitsime zopimira, kuti kudontha kudziwike kusanafike kwa anthu. Madzi a asidi athiridwe laimu ndi kubwezedwa ku nchito m'malo motayidwa mu mtsinje. Wokumba miyala akwirire dzenje lace akatha nchito, ndipo khonsolo iletse kutayamo zinyalala.

Mwini nyumba nayenso ali ndi mbali yace. Alembetse citsime cace, acitalikitse ndi dzenje la cimbudzi, ndipo atumize madzi kukapimidwa nthawi ndi nthawi, pakuti madzi oyera m'maso angathe kukhala ndi ululu wosaoneka.

Mkuwa ndiwo cuma ca Zambia, ndipo miyala ndiyo imanga nyumba ndi miseu. Koma mgodi ukatha eni ace acoka, pamene madzi oonongeka atsalira ana ndi adzukulu. Cifukwa cace kuyang'anira madamu a ku Chambishi ndi maenje a ku Misisi ndi nkhani ya aliyense wotsegula pompi mu Lusaka.