Zakale za Pansi pa Nkhokwe: Zosunga, Zokonza ndi Zogulitsa

Pakhomo pa mlimi aliyense m'dera la Mfumu Ndake pali malo amene amaponyapo zinthu zotha ntchito. Kwa ena ndi pansi pa nkhokwe, kwa ena ndi kuseri kwa khola. Pamenepo mupeza makasu operepeseka, tcheni cha njinga choduka, mphika wachitsulo wa miyendo itatu wong'aluka, simbi ya makala imene agogo ankasitira zovala, ndiponso pulawo imene inaima chaka chimene ng'ombe zinatha ndi matenda a nkhupakupa. Masiku ano m'midzi mukuyenda anyamata a sikelo amene akugula zitsulo zakutha pa kilogalamu, nkuzitumiza kumafakitale osungunula zitsulo. Malonda amenewo si oipa, koma sikelo imangodziwa kulemera kokha. Siidziwa zaka za chinthu, siidziwanso chimene manja aluso angapange nacho.

Chilala cha nyengo ya 2023 ndi 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February 2024, chinatikumbutsa kuti banja lodalira chimanga chokha limagwa nacho limodzi. Nchifukwa chake pamalo athu ano a maphunziro timakamba kawirikawiri za ntchito za m'chilimwe, kuyambira June kufika October, pamene zokolola zili m'nkhokwe ndipo manja ali ndi mpata. Imodzi mwa ntchito zimenezo ndiyo kufunafuna zinthu zakale, kuzikonza, ndi kuzisandutsa zokongoletsa zogulitsa. Sitikunena kuti ntchitoyi ingalowe m'malo mwa munda. Ingathe kugula matumba angapo a feteleza kapena kulipirira mwana za kusukulu, ngati munthu aichita mwanzeru.

Zitsanzo zili pafupi. Ku Mfuwe, pafupi ndi chipata cha South Luangwa National Park, kuli kampani ya Mulberry Mongoose imene amisiri ake amapanga mikanda, ndolo ndi zibangili kuchokera ku waya wa misampha yochotsedwa m'tchire ndi oteteza nyama. Waya umene unatcheredwa kuti ukole mbawala kapena njati amaudula, kuusula, kuusalaza, ndipo alendo ochokera ku Ulaya ndi ku America amaugula kuti azivala m'khosi. Gawo lina la ndalamazo limabwerera ku ntchito yoteteza nyama. Bungwe la COMACO, limene alimi ambiri a kuno ku Nyimba ndi ku Petauke amalidziwa chifukwa chogula mtedza, soya ndi uchi, nalonso lakhala likulandira misampha ndi mfuti kwa anthu amene asiya kupha nyama mozembera lamulo.

Chitsanzo chachikulu chili kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Akuluakulu a kuno akukumbukira bwino nkhondo ya kumeneko, pakuti othawa ambiri anadzera m'midzi yathu ndipo ena anakhala zaka zingapo ku Ukwimi. Nkhondoyo itatha mu 1992, m'dzikomo munatsala mfuti zosawerengeka. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane, pamodzi ndi bungwe la mipingo yachikhristu ya m'dzikomo, anayambitsa ntchito yosinthanitsa zida: munthu akapereka mfuti ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena zomangira nyumba. Mfutizo ankazidula kuti zisagwirenso ntchito, ndipo zidutswa zake ankazipereka kwa amisiri a ku Maputo. Mmodzi wa iwo, Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina lakuti Kester, anawotcherera mpando kuchokera ku zidutswa za mfuti mu 2001, ndipo chaka chotsatira British Museum ya ku London inaugula. Chitsulo cha mpandowo, chikanaikidwa pa sikelo, sichikanagula ngakhale mbuzi. Anthu amaima kuuyang'ana chifukwa amadziwa kumene chitsulocho chinachokera. Wogula zinthu zotere amalipira luso la mmisiri, amalipiranso mbiri ya chinthucho.

Choyamba chimene wophunzira ayenera kudziwa ndicho kusiyanitsa chinthu chofunika kudula ndi chinthu chofunika kusiya monga chilili. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Mu 1949 m'dziko lino munafika wailesi yaing'ono ya mabatire yotchedwa Saucepan Special, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain. Inali yozungulira ngati sefuliya, ndipo ankaigulitsa mapaundi 5 kuti anthu wamba azitha kumvera nyumba youlutsa mawu ya ku Lusaka. Amuna obwerera kuchokera ku migodi ndi kumatauni ankabwera nayo kumudzi. Ngati wailesi yotere yatsala m'nyumba ya agogo, ngakhale siilankhulanso, musaiboole kuti mubzalemo maluwa, ndipo musaipakenso penti. Osonkhanitsa zakale amafuna penti yake yoyamba, ngakhale yosuluka. Chimodzimodzi makina osokera a Singer: ali ndi nambala yodindidwa pachitsulo, kutsogolo cha m'munsi, imene imathandiza kudziwa chaka chimene anapangidwa, ndipo ambiri amangofuna mafuta ndi lamba watsopano kuti ayambenso kusoka. Makina osoka ndi chuma chachikulu kuposa chokongoletsa chilichonse. Koma ngati mutu wake unawonongekeratu, miyendo yake yachitsulo imakhala tebulo labwino mukaikapo thabwa la mlombwa lochokera ku chitseko chakale.

Ndalama zakale zachitsulo zimapezeka m'mabotolo ndi m'zitini pafupifupi m'mudzi uliwonse. Pali peni ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ya chiboo pakati ndi chithunzi cha njovu ziwiri. Pali ma ngwee oyamba amene anabwera pamodzi ndi kwacha mu 1968, okhala ndi nkhope ya Dr Kenneth Kaunda mbali ina, ndipo mbali inayo nyama, mbalame kapena duwa. Peni ya chiboo ija ndi mphatso kwa wopanga mikanda, pakuti safunika kuiboola. Ndalama zimene zikugwira ntchito lero musazikhudze. Zimenezo ndi zogulira, ndipo kuziwononga kungakuikeni m'mavuto.

Palinso lamulo limene alimi ambiri sanalimvepo. Lamulo la National Heritage Conservation Commission la 1989 limateteza zinthu za mbiri zimene zinapangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito m'Zambia tsiku la 1 January 1924 lisanafike. Mukapeza mbiya yakale, mikanda, makasu a osula akale kapena zotsala za ng'anjo pamene mukulima, zimenezo si zodula, ndipo si zotumiza kunja popanda chilolezo. Dziwitsani a mfumu ndi a boma. Lamulo la nyama zakutchire la 2015 nalonso ndi lolimba: mnyanga wa njovu, chikopa cha kambuku, mamba a ngaka, ngakhale zitakhala m'banja zaka makumi asanu, musaziike pa malonda. Ndipo pakuti tatchula za waya wa misampha, tichenjeze anyamata kuti asapite kutchire kukautola okha. Amisiri a ku Mfuwe amaulandira kudzera kwa oteteza nyama. Inu mukapezeka ndi mtolo wa waya wotere panjira ya ku Luangwa, msilikali wa nyama sadzakhulupirira kuti mumafuna kupanga ndolo.

Kafunsidwe kake nkofunika monga kagulidwe. Mukalowa m'mudzi, yambirani kwa a nyakwawa. Mukapeza gogo ali yekha pakhonde, musamulize naye malonda a mtondo kapena bokosi la malemu amuna ake ana ndi adzukulu kulibe. Kwathu kuno, kumene mbumba ili ndi mawu pa katundu wa banja, chinthu chogulidwa mobisa chimabweretsa mlandu umene ungadye ndalama zoposa phindu lake. Nenani poyera kuti mukufuna kukachikonza nkukachigulitsa, ndipo perekani mtengo woposa wa anyamata a sikelo. Funsaninso mbiri yake: anachigula ndani, kuti, chaka chanji. Lembani m'kabuku. Kapepala kakang'ono konena kuti khasu ili linalima ku Ndake zaka makumi atatu kamakweza mtengo kuposa penti iliyonse, malinga zolembedwazo zikhale zoona. Mbale, makapu ndi miphika ya pamanda ili ndi eni ake, ndipo sitikambirana nkomwe za kuitenga. Sitigulanso waya wa magetsi, zitsulo za mjigo kapena za pamlatho. Wobweretsa zotere timamubweza nazo, pakuti mjigo umodzi ukafa mudzi wonse umabwerera kumadzi a m'dambo.

Tsopano za chitetezo, pakuti dzimbiri silisankha munthu. Chitsulo chakale chikakuchekani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo pitani kuchipatala kukafunsa za jekeseni wa kafumbata. Mgolo umene munali petulo kapena dizilo musauyandikize moto wowotcherera, ngakhale ukuoneka wouma. Mpweya wotsalamo ndi umene umaphulika. Zigubu za mankhwala a thonje sizikhala chotengera chilichonse, ngakhale mutazitsuka kasanu. Mabatire akale a galimoto ali ndi mtovu, ndipo penti yambiri yakale nayonso inali ndi mtovu. Dziko lathu likudziwa zotsatira zake chifukwa cha Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma ana akuvutikabe ndi fumbi lake. Choncho penti yakale ipaleni itanyowa, panja, kutali ndi ana ndi chakudya. Ndipo kwa amene minda yawo ili cha kumalire a Mozambique: chitsulo chilichonse chachilendo chooneka ngati chipolopolo chachikulu kapena chitini chotsekedwa chokwiririka m'nthaka musachinyamule, musachigogode. Ikani chizindikiro patali, nkudziwitsa apolisi.

Kukonza kwenikweni sikufuna zida zambiri. Kuchotsa dzimbiri pa tizitsulo tating'ono, tiviikeni m'vinega usiku umodzi kapena masiku awiri, tikwecheni ndi burashi ya waya, titsukeni ndi madzi a soda, nkutiumitsa msanga padzuwa, pakuti chitsulo chosiyidwa chonyowa chimachitanso dzimbiri tsiku lomwelo. Musachikweche kufikira chitawala ngati chatsopano. Wogula akafuna chatsopano amapita kusitolo. Pomaliza pakani phula la njuchi losungunula pamodzi ndi mafuta pang'ono. Alimi amene anaphunzira za njuchi pano ali nalo kale phula limene ambiri amangolitaya akafinya uchi. Phula lomwelo limadzutsa maonekedwe a mtondo, mpando kapena chipande chakale. Mtengo umene uli ndi timabowo totuluka fumbi muukulunge m'pulasitiki wakuda nkuusiya padzuwa la October masiku angapo, kuti tizilombo ta m'katimo tife musanaulowetse m'nyumba ya munthu.

Khasu lotha lili kale ndi maonekedwe a thupi la nkhanga. Likungofuna khosi la chitsulo cha konkire ndi miyendo ya mabawuti. Chitsulo chozungulira cha pulawo ya thirakitala chimakhala mbaula kapena chiwaya chimene sichitha msanga. Tcheni cha njinga chimapinda bwino kukhala buluzi kapena chimango cha kalilole. Mphika wong'aluka umakhala chobzalamo maluwa, ndipo mng'alu umene unaupha ndi umene umatulutsa madzi. Amene alibe makina owotcherera angadule ndi kukonzeratu zidutswa zonse kunyumba, nkupita nazo tsiku limodzi kwa owotcherera a pa Nyimba boma. Ife timakonda zinthu zimene zimakongoletsa komanso kugwira ntchito, monga zokolekapo zovala, zoikapo kandulo ndi matebulo, chifukwa zikapanda kugulidwa ndi mlendo, mphunzitsi kapena namwino wa kuno angazigule. Chinyama chachikulu chachitsulo chimasangalatsa maso, koma chingakhale pakhonde panu zaka ziwiri chikudikira mwini lole.

Msika ndiwo mbali yovuta. Msewu wa Great East umadutsa pakhomo pathu, koma wokwera basi akaima pa Nyimba amafuna nthochi, ndipo pa mlatho wa Luangwa amafuna nsomba zouma ndi madengu. Amene amagula zokongoletsa ndi a magalimoto aang'ono, eni malo ogona alendo, ndi alendo opita ku Mfuwe, ndipo ambiri a iwo amafuna chinthu cholowa m'chikwama. Ku Lusaka kuli Kabwata Cultural Village, kumene osema amagulitsa tsiku ndi tsiku, ndiponso misika ya zaluso ya kumapeto kwa mlungu. Wina wotchuka umachitikira pabwalo la tchalitchi cha Dutch Reformed ku Kabulonga Loweruka lomaliza la mwezi, ndipo kwa ife osunga Sabata umenewo sutikhudza. Wa pa Arcades umachitika Lamlungu. Koma Lusaka ili pamtunda wa makilomita opitirira 300, choncho kupita wekha ndi zinthu zisanu nkungopatsa mwini basi phindu lonse. Gwirizanani anthu asanu kapena khumi, mutume mmodzi, ndipo chinthu chilichonse chikhale ndi dzina la mwini ndi mtengo wake wotsiriza. Musananyamuke, jambulani zinthuzo pa foni, pakhoma loyera m'mawa dzuwa lisanakwere, nkutumiza zithunzi pa WhatsApp kwa ogulitsa a kumeneko kuti muone zimene akufuna.

Poika mtengo, werengani zonse: ndalama imene munapatsa mwini chinthu, ya owotcherera, ya vinega ndi burashi, gawo lanu la ulendo ndi la malo pamsika. Kenako werengani masiku amene mwagwira, tsiku lililonse pa mtengo wa ganyu wa m'mudzi mwanu. Zimenezo zikaphatikizidwa ndiye pansi pa mtengo, ndipo wogula akatsika kupyola pamenepo, bwererani nacho chinthucho. Amene akufuna kuyesa ntchitoyi chilimwe chino ayambe ndi za pakhomo pake, zimene sizifuna kugula, ndipo abwere nazo kuno kumalo osulira kuti tizione pamodzi asanadule kanthu.