Agogo akayamba kuiwala: mayeso a ku cipatala ndi zimene zili mu ubongo

Ambiri a ife kuno ku Kamwala, Chawama ndi Kanyama tamvapo za agogo amene anapita ku msika n'kulephera kupeza njira yobwerera kunyumba. Ena amafunsa funso limodzi kasanu, ena amaiwala dzina la mdzukulu wao. Anthu akaona izi amafulumira kunena kuti ndi ufiti, ndipo okalamba ena amenyedwa cifukwa ca mau otere. Madokotala amacha matendawa dementia, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi wa Alzheimer.

Ku cipatala, dokotala amayamba ndi mafunso oyesa cikumbumtima ca zinthu. Mayeso odziwika kwambiri ndi a MMSE, amene anayamba mu 1975 ndipo ali ndi mamaki 30. Amafunsa tsiku ndi malo, amachula mau atatu kuti munthu awabwereze pakapita mphindi zocepa, komanso amamuuza kucotsa 7 pa 100 mobwerezabwereza. Koma agogo amene sanapite ku sukulu angalephere masamu amenewa pomwe ubongo wao uli bwino. N'cifukwa cake ku Hai, m'dziko la Tanzania, akatswiri anakonza mayeso a IDEA, omwe amapempha munthu kuchula maina a nyama ndi kuyala timitengo ta macisi motsanzira cithunzi.

Mafunsowa amaonetsa mmene ubongo ukugwirira nchito, koma saonetsa cimene cauononga. Mu 1906, dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anapima ubongo wa mai wina amene anamwalira ataiwala zinthu kwa zaka zingapo. Anapezamo timibulu ta puloteni yochedwa amyloid pakati pa maselo, ndi timaulusi topiringizika ta puloteni ina yochedwa tau mkati mwa maselo. Masiku ano madokotala amatha kuyeza mapuloteniwa munthu akali moyo, kudzera m'madzi a mumsana, makina ojambula ubongo a PET, ndipo posacedwapa m'magazi.

Kodi mamaki a mayeso ndi mapuloteniwa zimagwirizana? Kawirikawiri inde, makamaka tau: ikafalikira m'mbali za ubongo zosunga zinthu, mamaki amatsika. Amyloid ndi yosiyana, cifukwa imayamba kuunjikana zaka 15 kapena 20 munthu asanayambe kuiwala. Pa kafukufuku wa masisitere 678 a ku America, amene David Snowdon anayamba mu 1986, ena anali ndi timibulu tambiri mu ubongo koma anakhoza bwino mayeso mpaka imfa yao.

Mbali inayo ndi imene ikutikhudza kwambiri. Munthu angapeze mamaki ocepa opanda Alzheimer konse. Kukhumudwa kwakukulu pambuyo pa imfa ya mwamuna kapena mkazi, kucepa kwa vitamini B12, vuto la cithokomiro, HIV, mowa wambiri, kusamva bwino, ndi timasitroko ting'onoting'ono tobwera ndi BP, zonsezi zimacititsa kuiwala. Zambiri mwa izi zili ndi mankhwala. Mamaki ocepa ndi belu locenjeza, si ciweruzo comaliza ai.

Tsono mukaona kusintha kwa makolo anu, musawatsekere m'nyumba. Apititseni ku kiliniki yapafupi, ndipo ngati pafunika adzawatumiza ku UTH kapena ku Chainama. Apite ndi munthu amene amakhala nao tsiku ndi tsiku, pakuti iye ndiye angafotokoze kuti kuiwalaku kunayamba liti. Uzani dokotala kuti agogo anaphunzira mpaka pati, tengani mankhwala onse amene akumwa, ndipo pemphani kuti awafunse m'cinenero cao.

Alzheimer ilibe mankhwala oiciritsa, koma kudziwa msanga kumathandiza banja kukonzekera ndi kuteteza wodwalayo. Lamulo la pa Eksodo 20:12 silitha mphamvu pa tsiku limene amai aiwala dzina lathu. Akulu a mpingo, madikoni ndi magulu a azimai, tiyeni tiyendere mabanja amene akusamalira odwala otere. Ndipo mukamva wina akucha nkhalamba yosokera kuti mfiti, imani pakati, muiperekeze kwao.