Galasi Likabwerera M'ng'anjo

M'mayiko monga America ndi Australia muli anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amene ali ndi kang'anjo kamagetsi m'chipinda cha kuseri kwa nyumba, m'mene amasanjikiza zidutswa za galasi la mitundumitundu, nazitenthetsa kufikira madigiri pafupifupi 800, kuti zifewe ndi kulumikizana kukhala chinthu chimodzi, kaya mbale, kaya chokometsera pazenera. Luso limeneli si la dzulo ayi, pakuti amisiri a ku Egypt ndi ku Mesopotamia analidziwa zaka zoposa 3,000 zapitazo. Koma linatsitsimuka m'masiku athu ano pamene kampani ya Bullseye, imene inakhazikitsidwa mu 1974 mumzinda wa Portland, inayamba kupanga galasi loyesedwa bwino kuti zidutswa zake zigwirizane pamoto.

Tsono mmisiri amene wadikira usiku wonse kuti ng'anjo izizire, akatukula chivundikiro m'mamawa napeza kuti mbale yake yaonongeka, mtima wake umasweka ndithu, ndipo ine sindimuweruza akakhumba kuiponya kudzala. Mwina pamwamba pake pachita mbuu, ngati pathiridwa phulusa losachoka ndi madzi. Mwina mpweya unatsekeredwa pakati pa zidutswa, nutukumula chithuza chachikulu ngati dzira la njiwa. Kapena m'mphepete mwatuluka timinga takuthwa tocheka chala. Mneneri Yeremiya anaona woumba mbiya akuumbanso chotengera chimene chinaonongeka m'dzanja lake, ndipo galasi nalonso limalola kukonzedwa, ngakhale kuti silifatsa monga dongo.

Kuyera kwa mbuu kuja kumadza pamene khungu la galasi layamba kuuma m'timibulu tating'onoting'ono, kawirikawiri chifukwa cha mafuta a zala kapena fumbi lotsalira, kapenanso kukhalitsa pa kutentha kosayenera. Mankhwala ake ndiwo kupala khungulo ndi chopalira cha dayamondi, galasi lili lonyowa kuti fumbi lake lisalowe m'mapapo, kulitsuka kufikira litayera kotheratu, kenaka kuwazapo ufa wa galasi loonekera nkuliotchanso. Chithuza amachiboola, nadzaza dzenjelo ndi tizidutswa. Timinga angotipala basi. Ngati mbale inali itapindidwa kale m'chikombole, iyenera kuyamba yaphwatalitsidwa ndi moto wochepa.

Komatu apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikupemphani, owerenga, kuti mutchere khutu: moto wachiwiri ndi woopsa koposa woyamba. Poyamba paja mmisiri anali ndi zidutswa zopyapyala, za mamilimita 3 chilichonse, zimene kutentha kumazilowa msanga. Koma tsopano ali ndi chinthu chimodzi chochindikala, cha mamilimita 6 kapena kuposerapo, chimene kunja kwake kumatentha ndi kufutukuka m'kati musanamve moto, kotero kuti akachikwezera kutentha mwaliwiro la poyamba lija, adzamva kuti thee! m'ng'anjo, napeza mbale itagawika pakati. Fulumira adadya gaga, anatero akuluakulu. Ayenera kukweza moto pang'onopang'ono, makamaka ngati mbaleyo ndi yonenepa kwina ndi yopyapyala kwina, kapena ngati galasi lakuda, limene limamwa kutentha msanga, lagundana ndi loyera.

Pozizira namonso muli lamulo. Galasi likamazizira liyenera kuimitsidwa nthawi yaitali pa kutentha kumodzi, kumene pa galasi la Bullseye ndi madigiri 482, kuti kukokana kwa m'kati mwake kumasuke. Ndipo popeza mmisiri waonjezerapo galasi lina pokonza paja, nthawi imeneyi iyenera kutalika koposa kale. Amene atsegula ng'anjo isanazizire, pofuna kungosuzumira, amataya ntchito ya masiku awiri m'kuphethira kwa diso.

Pali chilema chimodzi chimene moto sungachichiritse, ngakhale muotche kasanu ndi kawiri. Galasi lililonse limafutukuka ndi kufota pa muyeso wakewake, nchifukwa chake ogulitsa amalembapo nambala monga 90 kapena 96. Ndipo munthu akasakaniza mitundu iwiriyi, kapena akaikamo chidutswa cha botolo kapena cha zenera, mbaleyo ikhoza kuoneka yokongola lero, koma nkudzang'aluka yokha patebulo patapita sabata kapena miyezi, popanda woikhudza. Amisiri ochenjera amaika mbale pakati pa timapepala tiwiri tosefa kuwala, naiyang'ana pa nyali: pamene pali kukokana pamaoneka kuwala koyera kozungulira chidutswa chachilendocho. Chidutswa chotere chiyenera kudulidwa ndi kuchotsedwa, palibenso njira ina. Ngakhale galasi logwirizana lili ndi malire ake, pakuti lofiira, lachikasu ndi la mtundu wa lalanje limatha kusintha khalidwe likaotchedwa kambirimbiri.

Chotero inu amene mwayamba ntchito imeneyi, musabwezere mbale m'ng'anjo musanadziwe chimene chinaiononga. Khalani ndi kabuku pafupi ndi ng'anjo yanu, mulembemo galasi limene munagwiritsa ntchito, kuchindikala kwake, madigiri ndi maola a moto uliwonse, ndipo muwerenge zimene munalemba musanayatsenso.