Kulondola Mizu ya Banja la ku Migodi

Munthu woyenda mumsika wa Chisokone, pakati pa mzinda wa Kitwe, amamva Cibemba mbali zonse. Wogulitsa kapenta amaitana m'Cibemba, wa salaula amanenerera m'Cibemba, ndipo mnyamata wokankha wilibala amapempha njira m'cinenero comweco. Koma mukafunsa maina a eni matebulo, mudzapezapo a Phiri, a Banda, a Tembo, a Mwale ndi a Jere. Ambiri a iwo anabadwira ku Wusakile, ku Chamboli, ku Buchi kapena ku Chimwemwe, ndipo makolo ao naonso anabadwira konkuno. Ciwongo cokha ndico catsala kucitira umboni kuti tsiku lina munthu ananyamuka ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi kapena ku Nyasaland, nadza kuno kudzafuna nchito.

Nkhani ya kumene banja linacokera imaoneka yopanda pake kufikira tsiku la maliro. Pamenepo ampingo amafuna mbiri ya malemu, ndipo anthu amafunsana kuti uthenga upite kwa yani kumudzi. Pogawa cuma ca munthu wosasiya wilo, lamulo la 1989 limapatsa ana magawo 50 pa 100, wamasiye 20, makolo 20, ndi ena amene malemu anali kuwasunga 10. Motero m'pofunika kudziwa bwino kuti uyu ndani ndipo uyo ndani. Wopuma nchito amene afuna munda kwao sangalandiridwe ndi nyakwawa ngati alephera kuchula mbale ngakhale mmodzi. Ngakhale unzika umakhudzidwa. Mu March 1999 High Court ya ku Ndola inagamula kuti Dr. Kenneth Kaunda, amene atate ake anacokera ku Nyasaland, sanali nzika ya Zambia. Cigamuloco cinathetsedwa pambuyo pake, koma ngati funso la kumene atate anabadwira linagwedeza munthu amene analamulira dziko zaka 27, kuli bwanji wogulitsa tomato?

Tsono tiyeni titenge citsanzo ca banja longa mabanja ambiri a pa Chisokone. Tinene kuti mwamuna ndi Mcewa, ndipo agogo ake aamuna anadza ku mgodi wa Nkana kucokera ku Katete. Mkazi ndi mdzukulu wa kalaliki wa ku Nyasaland amene anakwatira mkazi wa Cibemba. Awiriwa afuna kulembera ana ao mbiri ya banja. Kodi ayambire pati?

NJIRA IMENE MAKOLO ANADZERA

Coyamba ndi kudziwa nyengo. Dziko lino ndi la Alamba, ndipo mgodi wa Nkana unatenga dzina la mfumu yao. Njanje inafika ku Ndola mu 1909, koma anthu anayamba kukhamukira kuno pamene migodi yaikulu inatsegulidwa. Roan Antelope ku Luanshya inayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933, ndipo tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936. Banja limene linena kuti lakhala m'Kitwe "ciyambire kale" kawirikawiri limanena za zaka zimenezi kapena zotsatira.

Anthu a kum'mawa sanayambire kuno. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, msonkho unathamangitsira amuna ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Njira ya ku Migodi inadzatseguka bwino utalambulidwa mseu wa Great East, ndipo ambiri anadza pa magalimoto a Thatcher and Hobson. Cifukwa cake si cacilendo kupeza kuti agogo anali ndi mkulu wao amene anachona ku Harare kapena ku Hwange, ndi kuti nthambi ina ya banja ili ku Zimbabwe mpaka lero. A ku Nyasaland, amene ambiri anaphunzira pa mishoni za Livingstonia ndi Blantyre, anapeza nchito za ukalaliki, ukapitao ndi za m'cipatala.

YAMBANI NDI SUTUKESI YA M'NYUMBA

Musanakwere basi, tsegulani sutukesi yakale imene ili kunsi kwa bedi. Cinthu camtengo wapatali kopambana ndi reji ya malemu. Makhadi amenewa anayamba kuperekedwa mu 1965, ndipo amachula mudzi, mfumu ndi boma la mwini wake. Manambala apakati amasonyeza dera limene khadi linatengedwa. Citupa ca nthawi ya atsamunda naco cinali kuchula mudzi ndi mfumu, koma zambiri zinatenthedwa mu 1961 pa nthawi ya Cha Cha Cha, motero banja limene likali naco lisunge ngati dzira. Funaninso khadi la ubatizo, cikalata ca ukwati, makalata a penshoni, ndi zithunzi zimene kumbuyo kwake kunalembedwa maina.

Pa mapepala a mgodi, lembani nambala ya nchito. Kampani inali kudziwa munthu ndi nambala koposa dzina. Kalaliki wolemba anthu nchito anali kulemba dzina monga analimvera. Ena analembetsa dzina la atate ao m'malo mwa ciwongo, ena anatenga dzina la pa nchito monga Foloko kapena Supuni, ndipo ena analowa ndi citupa ca mbale. Dzina likhoza kusokeretsa, koma nambala siisintha.

Muli ndi nambala m'manja, pitani ku Ndola, kumene kuli nyumba yosungira zolembedwa zakale za migodi, imene inali m'manja mwa ZCCM. Si munthu aliyense amene pepala lake linapulumuka, pakuti migodi yasintha eni kangapo: Rhokana Corporation, kenaka Boma litatenga magawo 51 pa 100 mu 1970, ZCCM mu 1982, ndi makampani amene anaigula pofika 2000. Komabe kufunsa sikulakwa. Ku Katilungu House m'Kitwe kuli likulu la bungwe la anchito a m'migodi, limene linayamba mu 1949 motsogozedwa ndi a Lawrence Katilungu. Ku National Archives mu Lusaka kuli mabuku a maboma, ochedwa District Notebooks, ndi malipoti a maulendo a abwanamkubwa a pa boma, mmene muli maina a midzi ndi mibadwo ya mafumu.

Mipingo inasunga bwino koposa onse. Mishoni ya Dutch Reformed, imene lero ndi Reformed Church in Zambia, inayamba pa Magwero mu 1899, ndipo Mkristu wosamuka anali kunyamula kalata wa mpingo wochula kumene acokera. Ansembe a Cifransisko anafika m'dera la Ndola mu 1931, ndipo buku la ubatizo la Akatolika limachula atate ndi amai a mwana. Ku Mindolo, kumene United Church of Zambia inabadwira mu 1965, anthu a mitundu yosiyana anali kupembedza pamodzi kuyambira kale.

PAMENE PEPALA LITHERA

Pofika apa mwamuna wa m'citsanzo cathu adzakhala atapeza zambiri za agogo ake aamuna: caka cimene analowa nchito, komboni imene anakhala, mwina ndi mudzi. Koma banja likayamba kufuna agogo aakazi, mapepala amakhala cete. Ili ndilo bvuto lalikulu la aliyense wolondola mbiri ya banja la ku Migodi.

Boma la atsamunda pamodzi ndi mafumu sanafune kuti akazi osakwatiwa apite ku tauni. Mkazi anayenera kukhala ndi cilolezo, ndipo wopezeka alibe anali kubwezedwa kumudzi. Motero ambiri anadza mobisala, kapena monga mkazi wa munthu wina. M'mabuku a kampani mkazi anali kuoneka monga wa mwamuna wa nambala yakuti, wolandira phoso. Makhoti a m'matauni, okhala ndi oweruza otumidwa ndi mafumu, anayamba cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo m'zaka za m'ma 1940 cikalata ca ukwati cinayamba kufunidwa popatsa munthu nyumba ya okwatira. Koma maukwati ambiri sanalembedwe konse. Anthu akuda analoledwa kukwatira mwa lamulo la Boma la maukwati mu 1963, ndipo lamulo lakuti mwana aliyense wobadwa alembetsedwe linadza mu 1973. Akazi amene analima madimba m'mbali mwa komboni, nafulula mowa, nagulitsa ndiwo, amene ali makolo enieni a malonda a pa Chisokone, sanasiye dzina pa pepala.

Ngakhale m'nyumba dzina lao linabisika. Mwa ulemu, mkazi anali kuitanidwa Naphiri, Nabanda, kapena amake a uje, ndipo kwa Abemba bana uje. Adzukulu ambiri aika m'manda agogo ao osadziwa dzina lao la ubwana.

Tsono taonani kumene nkhani ipotokera. Acewa, Ansenga, Abemba ndi Alamba amatsata mtundu kucikazi. Angoni ndiwo amatsata kucimuna. M'madera ambiri a kum'mawa Mcewa amachedwa ndi ciwongo ca atate ake, koma kwao kweni-kweni ndi kwa amai ake, kumene kuli bele lake ndi atsibweni ake, eni mbumba. Mwamuna wathu akatsata ciwongo cokha adzafika pa mudzi wa agogo aamuna ku Katete. Adzamlandira, inde, nkumphera nkhuku, koma adzamuuza mwaulemu kuti iye ndi mwana wobadwa kwa mwamuna wa pamudzipo, ndipo munda ndi maliro ake zili kwina. Kwinako ndi kwa amake a amai ake, munthu amene sali m'buku la kampani.

Nanga ana a banjali? Kusukulu amalembedwa ndi ciwongo ca Cicewa. Koma pa mwambo wa atate ndi pa mwambo wa amai womwe, ana ndi a kucikazi. Pfuko lao, limene Abemba amati umukowa, ndi la gogo uja wa Cibemba amene anakwatiwa ndi kalaliki wa ku Nyasaland, kaya anali wa Bena Nsofu, Bena Bowa kapena Bena Mfula. Mwana wochedwa Phiri m'Kitwe akhoza kukhala ndi kwao ku Kasama kapena ku Mporokoso. Njira yopita kumeneko ili pakamwa pa nchembere zokha.

KAFUNSIDWE KA AKULU

Akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likuphwa caka ndi caka. Banja lanzeru liyambe ndi okalamba a kucikazi lisanaononge ndalama pa maulendo a ku Lusaka. Muwayendere mmodzi-mmodzi, pakuti pagulu wamng'ono amaopa kutsutsa wamkulu. Funsani dzina la ubwana la amai ao, mudzi, mfumu ndi mtsinje umene anali kutungako madzi. Funsani maina a abale a bele limodzi motsatana ndi kubadwa kwao. Funsani amene anali ankhoswe pa ukwati, kapena shibukombe ku mbali ya Abemba. Koma cenjerani, pakuti ku komboni nkhoswe nthawi zina anali mnansi wocokera dera limodzi, kapena mmodzi wa akulu oimira mitundu amene migodi inali nao kufikira 1953, osati mbale wa magazi.

Okalamba sawerenga zaka ndi manambala, koma ndi zocitika. Wonena kuti anafika anthu ataomberedwa pa Nkana akunena za sitalaka ya 1940, pamene anchito 17 anafa. Njala yaikulu ya ku Nyasaland ndi 1949, Federation inayamba mu 1953, ufulu ndi 1964, ndipo ngozi ya mgodi wa Mufulira imene inapha anthu 89 inacitika mu September 1970. Jambulani mau ao pa foni atakulolani, koma lembaninso m'buku lacikuto colimba, pakuti foni imatayika.

Konzekani kumva zowawa. Mwina agogo anasiya mkazi ndi ana kumudzi nakwatira wina kuno. Mwina kholo lina linalowa m'banja mwa ukapolo, nkhani imene akulu amainena monong'ona. Zoterezi zilembedwe moona, koma si zolengeza pamsika.

POFIKA KUMUDZI

Ulendo wa kumudzi ukhale wotsiriza. Musalowe cimanjamanja, ndipo musayambe ndi nkhani ya munda, cifukwa anthu adzatseka pakamwa poganiza kuti mwadzera kulanda malo. Dzionetseni kwa nyakwawa, amene mwa lamulo la 1971 amasunga buku la anthu a m'mudzi mwake. Mukapeza kuti mudzi suli pamene agogo ananena, musataye mtima. Midzi yambiri ya kum'mawa inasamutsidwa pamene atsamunda anadula malo a anthu akuda cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndiponso m'zaka za m'ma 1940 Boma litagula malo a North Charterland Exploration Company. Midzi ina inagawikana, ina inasintha dzina. Maboma naonso asintha: Fort Jameson ndiye Chipata, Sinda anapatulidwa ku Katete ndi Petauke mu 2012, ndipo Kasenengwa ndi Chipangali anapatulidwa ku Chipata mu 2018. Funsani dzina la mfumu, monga Kawaza, Mbang'ombe kapena Kalindawalo, pakuti ufumu susamuka monga mudzi. Ngati mzere waolokera ku Malawi kapena ku Mozambique, mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'mwezi wa August umasonkhanitsa mafumu a Acewa a maiko onse atatu pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo pamenepo munthu akhoza kupeza womlozera njira.

Awerengi athu a m'Kitwe ndi m'Ndola, mabuku a ku Ndola ndi ku Lusaka adzakudikirani caka camawa. Gogo amene akhala kumbuyo kwa tebulo la ndiwo pa Chisokone sangalonjeze zimenezo. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi sabata lino, agule buku limodzi, ndipo tsamba loyamba likhale la dzina la amake a amai ao.