Ulendo wa kabotolo ka magazi: mmene kompyuta ingafulumizitsire zotsatira za ku labotale

Mwana akafika pachipatala akukomoka, thupi likutentha ndiponso zikhatho zitayera, dokotala amafuna mayankho atatu msanga: ngati ali ndi malungo, kuchuluka kwa magazi amene atsala m'thupi, ndiponso ngati shuga watsika. Kuyeza kwenikweniko sikuchedwa. Kachipangizo koyezera malungo kamaonetsa zotsatira m'mphindi 15 mpaka 20, ndipo shuga amadziwika mphindi imodzi isanathe. Koma magazi akafunika kupita ku labotale, nthawi yambiri imathera panjira: kulemba fomu, kulemba dzina pakabotolo, kukapereka, kenako kudikira woti akatenge pepala la zotsatira.

Zolakwika zimabadwiranso panjira pomwepo. Dzina lolembedwa mothamanga silingawerengeke, odwala awiri akhoza kukhala ndi mayina ofanana, ndipo fomu ikhoza kusiyana ndi kabotolo kake. Zikatero, wodwala amabayidwa kachiwiri. Choopsa koposa ndi pamene akufunika kuwonjezeredwa magazi, pakuti kupatsidwa magazi a gulu losagwirizana ndi lake kungamuphe.

Malawi si mlendo pa ntchito yochepetsa mavutowa ndi makina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Baobab Health linayamba kulembetsa odwala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe pogwiritsa ntchito makompyuta ongodina ndi chala pagalasi. Ambiri amaidziwa sitika ya timizeremizere yomatidwa pabuku la kuchipatala. Timizereto ndi nambala ya wodwala, imene makina amawerenga mosaphonya. Luso lomweli likafika pa zoyezayeza, dokotala amasankha pagalasi zimene akufuna kuti ziyezedwe, makina amatulutsa sitika yomata pakabotolo, ndipo a ku labotale akamaliza, zotsatira zimaonekera pamene pali wodwalayo popanda wina kuyenda nazo.

Komabe kukhala ndi kompyuta n'kwina, kuikonza moyenera n'kwinanso. Kuchipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi, namwino amakhala atavala magolovesi, mzere uli pakhomo. Pulogalamu yomufunsa mafunso khumi asanatumize magazi adzaisiya n'kubwerera ku pepala, ndipo sangadzudzulidwe. Ndiye chifukwa chake okonza mapulogalamu anzeru amayamba akhala m'chipindamo, n'kumaona mmene ntchito imayendera usiku ndi masana, asanalembe kalikonse. Pulogalamu yabwino imaika pamodzi zoyeza zimene zimayendera limodzi, imasonyeza a ku labotale kabotolo kofunika kuyamba, imakumbutsa dokotala ngati zomwezo zinayezedwa kale m'mawa, ndipo imachenjeza zotsatira zikakhala zoopsa. Machenjezowo asachuluke: belu lolira pa chilichonse anthu amasiya kulimvera.

Palinso mbali ina imene sikambidwa kawirikawiri. Kuitanitsa zoyeza kukaphweka kwambiri, n'kosavuta kuitanitsa ndi zosafunika zomwe, ndipo mankhwala oyezera amatha mwezi usanathe. Motero pulogalamuyo iyenera kuuza dokotala nthawi yomweyo ngati makina ena afa kapena mankhwala ake atha, kuti wodwala asatengedwe magazi pachabe. Iyeneranso kugwira ntchito magetsi akathima kapena intaneti ikaduka, ndi kuteteza chinsinsi kuti zotsatira za munthu zisaonedwe ndi aliyense wodutsa.

Anthu a m'mawodi ali ndi gawo lawo. Buku la kuchipatala lisasiyidwe kunyumba ngakhale pothamanga, ndipo lisabwerekedwe kwa m'bale, chifukwa mbiri ya anthu awiri ikasakanikirana pa nambala imodzi, dokotala amasokera. Makhansala ndi makomiti oyang'anira zipatala, akamva za makina atsopano, ali ndi ufulu wofunsa kuti adzawakonza ndani akawonongeka, masitika adzagulidwa ndi ndalama ziti, ndiponso kuti zotsatira tsopano zikutenga mphindi zingati kufika kwa wodwala poyerekeza ndi kale.