Tisalole Mfundo za Odwala Athu Ziume

Tikamayendera odwala m'miphakati yathu, mau amene timakonda kuwasiyira ndi akuti apumule, asadzibvutitse. Timanena mwacikondi. Koma taona kuti kupumulako kukapitirira, kumalemaza munthu amene akanacira bwinobwino.

Caka catha amai ena a m'parishi mwathu anagwa pa ngolo nathyoka mkono pafupi ndi cikhatho. Anakhala ndi pulasitala masabata 6, ndipo ana ao, poopa, sanawalole ngakhale kunyamula kapu. Mkono unangokhala m'citenje pacifuwa. Fupa linalumikizana, koma phewa, limene silinathyoke n'komwe, linauma. Mvula inagwa, anzao anabzala, iwo khasu osalikweza. Ifenso tinali kufika pakhomopo ndi Ukaristia sabata iliyonse osanenapo kanthu. Mlanduwu tili nao.

Amene anaphapo mbuzi adziwa kuti pokumanira mafupa pali kanyama koyera koterera, ndi timadzi tonanda ngati therere. Kanyamako kalibe mitsempha ya magazi. Kamadya kucokera m'timadzito, ndipo timadzito timafika bwino pokhapokha mfundoyo ikamapindika ndi kuongoka. Ikakhala cikhalire, minofu ndi mitsempha yoizungulira imafupika n'kulimba monga cikopa coiwalika padzuwa. Nayo minofu yosagwira nchito imafota msanga. Mu 2007 ku America, okalamba athanzi anagonekedwa pabedi masiku 10 okha, ndipo anataya pafupifupi kilo imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Kubwezeretsa kumatenga nthawi yaitali kuposa kutaya.

Kwa ife alimi nkhaniyi ndi yaikulu. Wokhala pampando wa mu ofesi amangofuna bondo lopindika theka. Ife timanjuta pa moto, m'dimba ndi kucimbudzi, timagwadanso m'calici.

Tsono wa pulasitala azigwedeza zala, phewa ndi mfundo zonse zimene sizinamangidwe, tsiku ndi tsiku. Wogona cigonere, monga wa sitiroko, timutembenuze pakapita maola awiri alionse, ndipo m'mawa ndi madzulo timupinde ndi kumuongola zala, cigongono, phewa, maondo ndi akakolo, pang'onopang'ono, kangapo paliponse. Tisamusiye ndi pilo pansi pa maondo tsiku lonse, cifukwa miyendo idzaumira pomwepo. Ngati angathe kukhala tsonga podya, akhale.

Cenjezo ndi ili: si mpikisano wa mphamvu. Akamva kuwawa kwambiri, lekani. Pamene pathyoka musakhudzepo dokotala asanalole, ndipo mfundo yotupa ndi yotentha ipite ku kiliniki, osati kwa wotema mphini. Zipatala zazikulu monga Chipata Central ndi UTH zili ndi a physiotherapy. Wosamalira wodwala awapemphe kuti amuonetse kagwiridwe kake asanatuluke m'wodi.

Amai aja tsopano akutha kumanga duku okha. Khasu akuti aliyesa mvula ikubwerayi.