Buleki yakutsogolo siigwetsa munthu, chogwetsa ndi kagwiridwe

Mukafika pa siteji ya kabaza pakati pa Mpingu ndi Namitete, tayang'anani zogwirira za njinga zomwe zaimikidwa pamenepo. Cha kumanzere, cha klatchi, chimakhala chonyezimira chifukwa chofinyidwa tsiku lonse. Cha kumanja, cha buleki yakutsogolo, pa njinga zina chimangokhala ngati chokongoletsa, ndipo pa zina waya wake unaduka kalekale mwiniwake osalabadira. Ndafunsapo anyamata angapo omwe amandinyamula ndikamapita kwathu cha ku Nsaru, ndipo yankho silisintha: akuti buleki yakutsogolo imagwetsa, bola yakuphazi.

Chikhulupiriro chimenechi n'chosavuta kuchimvetsa. Ambiri anaphunzira njinga yamoto kwa mnzawo, masana amodzi pa bwalo la mpira, mawa lake n'kuyamba kunyamula anthu. Amene anagwapo kamodzi pamchenga atafinya buleki yakutsogolo amalumbira kuti sadzaikhudzanso, ndipo amaphunzitsa anzake zomwezo. Koma pa phula la M12, msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, mantha amenewa ndi omwe amavulaza anthu.

Njinga ikamachepetsa liwiro, kulemera kwake konse, kwa woyendetsa ndi kwa wokwera kumakankhikira kutsogolo. Nanunso mumamva mukamakankha msana wa woyendetsa osafuna. Tayala lakutsogolo limakanikizika pansi n'kugwira msewu mwamphamvu, pomwe lakumbuyo limapepuka. N'chifukwa chake ophunzitsa kuyendetsa njinga amati pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a mphamvu yoimitsira njinga pa phula louma amachokera kutsogolo. Woponda yakuphazi yokha ndiye kuti wasiya mphamvu yambiri m'dzanja lake lamanja. Akaponda mopitiriza, tayala lakumbuyo limamangika, limayamba kukhwekhwereza, njinga n'kuyamba kugwedeza mchira.

Tsono ganizirani za liwiro. Pa 60 km pa ola, njinga imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Mbuzi ikatulukira pa Msundwe tsiku la msika, sekondi yomwe maso akuuza dzanja chochita, mwadya kale mamita 17 musanagwire chilichonse. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pomwe woyenda 30 waima, woyenda 60 amakhala akadali pa ulendo.

Chinsinsi chake chili pa ndondomeko. Choyamba, bwezani faya yonse. Kenako gwirani mabuleki onse awiri pamodzi, koma yakutsogolo muifinye ngati mukufinya ndimu: poyamba pang'ono kuti kulemera kusamukire kutsogolo, kenako n'kumawonjezera mphamvu. Chomwe chimagwetsa anthu ndi kuitsomphola mwadzidzidzi tayala lisanakanikizike pansi, makamaka chiwongolero chitakhota. Mukamva kuti tayala lakutsogolo lamangika, masulani nthawi yomweyo, mufinyenso mofatsa. Maso akhale komwe mukufuna kudutsa, osati pa mbuziyo, paja njinga imalondola maso.

Nanga magiya? Apa ndi pomwe ndimasiyanitsira woyendetsa wodziwa ndi wongothamanga. Mukabweza faya giya ili mkati, injini nayo imathandiza kuchepetsa liwiro. Pofika pa mabampu kapena kumbuyo kwa minibasi yomwe ikusaka anthu, wodziwa amatsitsa giya imodzi imodzi pomwe liwiro likutsika: finyani klatchi, tsitsani giya, masulani klatchi pang'onopang'ono, mumve injini yagwira, kenako inanso. Akatswiri amapereka kafaya pang'ono klatchi ili yofinya kuti injini ifanane ndi liwiro la tayala, njinga isadumphe. Phindu lake ndi lakuti mpata ukatseguka muli kale m'giya yoyenera, simuzimitsa injini pakati pa msewu lole ikubwera kumbuyo.

Choopsa ndi kulumpha kuchoka pa giya 4 kufika pa 1 njinga ikadali pa liwiro, n'kutaya klatchi kamodzi. Tayala lakumbuyo limamangika ngati mwaponda buleki mwankhanza, ndipo tcheni ndi magiya zimavutika. Dziwaninso njinga yanu. Zina giya 1 ili pansi zinazo m'mwamba, zina zonse mumaponda pansi, ndipo pali zina zomwe mukapitirira giya yomaliza zimabwerera pa fili. Wobwereka njinga ya mnzake afunse kaye izi asanachoke pa siteji.

Koma pangozi yeniyeni, mwana akathamangira mumsewu, musataye nthawi kuwerenga magiya. Mabuleki onse awiri, klatchi mkati, basi. Magiya mutsitsa njinga ikamaima.

Kanthu kena komwe ambiri amaiwala: mukamachepetsa liwiro ndi injini yokha, nyali yofiira yakumbuyo siiyaka. Dalaivala wa thiraki yochokera ku boda ya Mwami sadziwa kuti mwayamba kuima, ndipo galimoto yodzaza katundu siima ngati njinga. Gusani buleki pang'ono kuti nyali iyake, muyang'ane pagalasi. Kunena zoona, amene amachotsa magalasi kuti njinga iwoneke yaushapa sindimawamvetsa.

Mukasiya phula n'kulowa misewu yafumbi ya kumidzi ya kwa Kabudula kapena ku Nambuma, zinthu zimasintha, ndipo apa anyamata aja ali ndi kachoonadi. Pamchenga, pa timiyala ndi m'matope a Januwale, tayala lakutsogolo siligwira kwambiri. Yakutsogolo mumaigwira mopepuka, yakuphazi ndi giya yotsika n'kugwira ntchito yaikulu. Liwiro mumachepetseratu njinga ili chilili musanalowe pokhota, osati muli kale m'kati. Vuto ndi lakuti luso la pamchengali amapita nalo pa phula osasintha kanthu.

Katundu nayenso amasintha masamu. Matumba awiri a chimanga, kapena mayi ndi mwana kumbuyo, amakanikiza tayala lakumbuyo, choncho buleki yakuphazi imagwira bwinoko, koma mtunda woimira umatalika. Yambani kuchepetsa msanga, ndipo musakhale pafupi ndi galimoto yakutsogolo.

Chizolowezi chomwe chimandiopsa kwambiri ndi chozimitsa injini kapena kuika pa fili pamtsetse pofuna kupulumutsa mafuta. Ndikudziwa, petulo wakwera mtengo ndipo nthawi zina amasowa, wa m'zigubu ndiye osanena. Koma pa fili injini siithandiza, ntchito yonse imagwera mabuleki. Njinga zambiri za kabaza zili ndi mabuleki a dramu, omwe akatentha pamtsetse wautali amafooka, akanyowa powoloka mtsinje amayamba agwira mwaulesi. Mukangotuluka m'madzi, yendani pang'onopang'ono mukugusa mabuleki kuti aume. Timadontho ta petulo tomwe mwapulumutsa sitingalipire ngakhale ulendo wopita ku St Gabriel's ku Namitete, kaya ku LION pa Kamuzu Central Hospital komwe amalumikiza mafupa othyoka, kuwonjezera miyezi yokhala pakhomo osagwira ntchito.

Ngati njinga ndi yanu, pezani malo opanda anthu, muike mwala ngati chizindikiro. Yendani 30, muime ndi yakuphazi yokha, muwerenge mapazi. Bwerezani ndi mabuleki onse awiri. Kusiyana kwake mudzakuona nokha, ndipo dzanja lidzazolowera lisanakumane ndi ngozi. Buleki ikamagwira chogwirira chitafika kale pa chiwongolero, makaniko aliyense pa Namitete akhoza kumanga nati yake m'mphindi zochepa, kapena kukuuzani kuti zam'kati zatha.

Ife okwera tilinso ndi mbali yathu. Musanakwere, finyani chogwirira cha kumanja chija. Chikangolowa chopanda mphamvu, nenani mwaulemu kuti, "Achimwene, buleki iyi bwanji?" ndipo ngati yankho silikukhutiritsani, kwerani ina, pa siteji njinga sizisowa. Muli pa ulendo, mapazi akhale pa zopondera, mawondo agwire mpando, ndipo woyendetsa akamamanga mabuleki gwirani chitsulo chakumbuyo kuti thupi lanu lisamukankhire pa chiwongolero.